Chitenje Chachitatu pa Chinkhoswe cha kwa a Meya

1

Dzina langa ndine Olive, koma mukabwera ku Zingwangwa n'kumafunsa dzina limeneli mudzazungulira msika wonse mpaka nsapato kutha. Funsani kuti, "Make Alinane, telala uja, amakhala pati?" Ngakhale wogulitsa makala adzakulozerani khonde langa. Dzina limeneli ndalinyamula zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo zimene ndikuulula pano ndi mmene ndinatsala pang'ono kumuponya mwana wanga m'dzenje pofuna kuti dzinali lisandichoke.

Achimwene anga ndi a Hawkins Muhiwa, amene anakhalapo meya wa mzinda uno. Mpandowo anautaya kalekale, koma tayesani kuwaitana kuti "bambo Muhiwa" muone ngati angacheuke. Mpaka lero ndi "a Meya" basi, ndipo pabalaza pawo ku Nkolokosa pali chithunzi chachikulu ngati chitseko, atavala mkanjo ndi tcheni chija cha m'khosi.

Sindingawanamizire kuti anakwera ndi mankhwala ayi. Anakwera ndi miyendo yawo ndi pakamwa pawo. Anayamba ndi kudula matikiti mumsika, kenako mavenda anawasankha kukhala tcheyamani, kenako ukhansala, mpaka makhansala anzawo anawakweza pa umeya. Maliro akagwa ku Chilobwe kapena ku Misesa, iwo amafika bokosi lisanafike. Munthu aliyense amene ali ndi voti amamudziwa dzina, ndi la mkazi wake lomwe. Anthu amati m'kamwa mwawo muli uchi, koma ine amene ndinakulira nawo nyumba imodzi ndimadziwa kuti uchiwo uli ndi njuchi zake.

Chaka chatha anaganiza zobwereranso m'bwalo, ulendo uno osati pa ukhansala koma pa uphungu. Chipani chinaika tsiku la mapulaimale, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse cha m'banja mwathu, kaya ubatizo kaya chifuwa cha mwana, chinkayezedwa ndi funso limodzi: kodi madeligeti amva bwanji?

2

Alinane ndi mwana mmodzi yekhayo wa m'nyumba mwanga. Amuna anga, a Venansio, anali dalaivala wa mathiraki opita ku Beira, ndipo anamwalira mwanayo ali Sitandade 4. Ndinamuphunzitsa ndi makina osokerawa, kuponda usana wonse mpaka miyendo kutupa, ndipo anakhala mphunzitsi ku Bangwe. Ali ndi mpata pamano akutsogolo ngati wa achimwene anga, koma mwana kufanana ndi amalume ake si nkhani yoti munthu angaimire panjira.

Achimwene nawo ali ndi mwana wamwamuna, Ricky, wamkulu kwa Alinane ndi zaka ziwiri. Inu mukudziwa mmene chisuweni chimakhalira kwathu kuno. Mwana wa amalume ako ndi mwamuna wako wa nthabwala. Mumanyozana, mumalandana nyama m'mbale, palibe wokudzudzulani, ndipo zikafika pokwatirana akuluakulu amangoti magazi abwerera kwawo. Ali ana, alamu anga, make Ricky, ankati akamuona Alinane pageti, "Ricky, mkazi wako uyo wabwera, kamulandire chikwama!" Anthu ankaseka. Nanenso ndinkaseka, chifukwa kusaseka kukanafuna kufotokoza.

Ricky anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zimenezo mtima wanga unali m'malo. Atabwerako nthabwala zija zinayambiranso, koma ndinaona kuti tsopano akaseka sakuyang'ananso kwa ife, akungoyang'anana okha.

Loweruka lina masana ndikupinda yunifolomu ya mayi wina wa mvano, anatulukira onse awiri. Ricky anasiya benchi n'kunjuta pasimenti.

"Anti, ndabwera kudzapempha mkazi wanga."

"Ndi uyo, mtenge lero lomwe, amandithera shuga," ndinayankha mwa masiku onse.

Sanaseke. Alinane anagwada pambali pa makina.

"Amayi, si nthabwala. Takhala tikugwirizana miyezi isanu ndi itatu tsopano. Tikufuna chinkhoswe."

Singano inandilowa m'chala, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha singanoyo, poti inandipatsa chifukwa cholirira.

3

M'mawa mwake titatuluka m'tchalitchi ndinayenda wapansi mpaka ku Nkolokosa. Alamu anandilandira ndi nthungululu ndisanatseke n'komwe geti.

"Alamu, mwamva? Chuma sichituluka pakhomo! Mpongozi ndikumudziwa kuyambira ali m'matewera, ndifunanso chiyani ine?"

Achimwene anali pakhonde, akumwetulira kumwetulira kwawo kwa pamsonkhano. Anati akufuna andionetse nkhuku zawo, n'kunditengera kuseri kwa nyumba. Kumeneko kuli chigalimoto chawo chakale chimene chinakhala pa njerwa kuyambira chaka chimene anataya mpando, ndipo nkhani zonse zosafuna makutu amakambira m'menemo. Tinalowa, anatseka zitseko. Munali kutentha ngati mu uvuni.

"Ukanize ndiwe, Olive," anatero.

"Kanizani inu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Ine ndikakaniza alamu ako afunsa chifukwa. Mayi amene uja akayamba kufunsa, ngakhale apolisi akhoza kuphunzirako."

"Ndiye tingowauza zoona, achimwene."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tiyatse nyumba.

"Kwatsala miyezi itatu kuti mapulaimale achitike, iwe ukuti chiyani? Theka la madeligeti ndi amayi a m'mipingo. Ndipo usaganize kuti zikaululika wotsala pambalambanda ndine ndekha. Ine nditaya mpando umene sindinaukhalepo n'komwe. Nanga iwe utaya chiyani?"

Munthu amene anayamwa bere limodzi ndi iwe amadziwa pokugwira. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo achimwene anali atakhala pamkhate wanga womwe, umene munali madzi onse a moyo wanga.

"Odziwa tatsala awiri, iwe ndi ine," anapitiriza motsitsa mawu. "Amayi anapita. Winayo anapita ndi madzi. Ukatseka pakamwa, palibe angatsegule."

Kenako anatsitsa galasi n'kukuwira alamu mwansangala kuti atiikire tiyi.

4

Winayo amene ankamunena anali Zubeda.

Zubeda anali mayi wachisilamu wa ku Manje, wochepa thupi, wosalankhulalankhula, amene ankagulitsa mpunga wophika pafupi ndi siteji. Chaka chilichonse pa tsiku la Idi ankabwera kwathu atanyamula mbale ya mpunga wa nyama yokutidwa ndi kansalu koyera. Aneba ankadabwa kuti chinansi cha mayi wa mvano ndi Msilamu chinayambira pati, ine n'kumati ndi kasitomala wanga wakale. Alinane ankamutcha "anti a mpunga".

Akafika sankalowa m'nyumba. Ankakhala pa mpando wa panja, manja pamiyendo, n'kumamuyang'ana Alinane akudya. Sankafunsa zambiri. "Sukulu ikuyenda?" Basi. Dzuwa likapendeka ankatenga mbale yake n'kumapita, ndipo ine ndinkapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndinene zoona, mayi ameneyo sanandilakwirepo kanthu, koma tsiku la Idi ndinkadana nalo kuposa tsiku la maliro.

Namondwe wa Freddy atagwetsa phiri m'chaka cha 2023, nyumba ya Zubeda inali m'njira ya miyala ndi matope. Thupi lake silinapezeke. Patapita masiku atatu ndinapita kumsasa wa anthu opulumuka kukafunsa za iye, ndipo ndinapeza achimwene ali komweko, atavala majombo, akugawa mabulangete kwinaku wojambula akuwatsatira. Misozi inali m'maso mwawo, ndipo sindikukayika kuti ina inali yeniyeni. Atandiona anandikokera pambali.

"Wamupeza?"

"Ayi. Aneba ake akuti anali m'nyumba."

Anayang'ana kuphiri kanthawi, n'kupumira m'mwamba.

"Basi, nkhani ija yatha," anatero, n'kubwerera ku mabulangete awo.

Ndinanyansidwa nawo tsiku limenelo. Koma pokwera minibasi ndinapeza kuti mumtima mwanga namonso muli kampumulo komweko, ndipo ndinanyansidwa ndi ine mwini.

5

Ndinayesa kukaniza, musaganize kuti ndinangokhala. Ndinayamba ndi za mpingo, koma Alinane anali atafunsa kale kwa abusa, ndipo anamuuza kuti ngati makolo agwirizana iwo alibe mawu. Ndinati zokwatirana pachisuweni ndi zachikale, anthu a m'tauni adzatiseka.

"Amayi, si inu nomwe munandiuza kuti agogo anu aakazi ndi aamuna anali pachisuweni? Munkanyadira kuti banja lawo linatha zaka makumi asanu."

Ndinati Ricky ndi wa ku Joni, sitikudziwa anasiyako zotani. Anandionetsa makalata a kuchipatala amene anakayezetsa limodzi. Ndinadwala dala sabata yathunthu, iye anapempha tchuthi kusukulu n'kudzandiphikira phala. Tsiku lina atatopa anakhala pamphasa n'kundigwira mapazi.

"Amayi, ndiuzeni chifukwa chimodzi chokha, chenicheni. Chikakhala chomveka ndimusiya, ngakhale ndimamukonda. Simunandinamizepo chibadwire."

Mawu anafika pakhosi, ndinawamva akukankha. Koma ndinayang'ana nkhope imeneyo ikunditchula kuti amayi, ndipo ndinawameza.

"Ndikungoopa kutsala ndekha," ndinatero. Limenelo silinali bodza, koma silinalinso yankho.

Achimwene ataona kuti ndalephera, anachita zimene andale amachita ndi moto umene sangauzimitse: anayamba kuwothera. Anaika chinkhoswe masabata awiri mapulaimale asanachitike, pabwalo la nyumba yawo, n'kuitana madeligeti onse ndi akazi awo. Poti iwo anali bambo a mnyamata komanso malume wa mtsikana, unkhoswe wa kuchikazi anaupereka kwa a Januario, mbale wathu wa ku Mulanje, n'kumaseka pagulu kuti, "Ulendo uno ndili ku boma ndi kotsutsa komwe."

Tinakumananso m'chigalimoto chija.

"Chinkhoswe si ukwati, Olive. Ndi nkhuku ziwiri ndi magule basi. Ndikangodutsa mapulaimale, Ricky ndimupezera chochita ku Joni, mtsikanayu adzalira miyezi iwiri n'kuiwala."

Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira. Pakadafunda padajiwitsa galu. Diresi la chinkhoswe ndinasoka ndine, ndi manja angawa, ndipo malaya a Ricky a nsalu yofanana ndinasokanso ndine.

6

Tsikulo linafika. Pofika 2 koloko masana pabwalo panali patadzaza, matenti awiri, zokuzira mawu zikugunda mpaka mawindo kunjenjemera. Madeligeti anakhala kutsogolo, patsogolo pa achibale enieni. Tambala ndi thadzi zoti ankhoswe asinthane zinali zitawotchedwa kale, ndipo lichero, mthiko ndi nkhwangwa zinali pathebulo.

Ine ndinali kuchipinda ndi Alinane, ndikumumanga mpango. Paja pa chinkhoswe mtsikana satuluka poyera. Amafunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi pamodzi ndi anzake awiri, ndipo mnyamata amavundukula mmodzimmodzi mpaka apeze wake. Anzake awiri aja anali atapita kukatenga zitenjezo kwa alamu.

Alinane anatulutsa makiyi awiri omangidwa pa kachingwe.

"Amayi, ndisungireni m'chikwama chanu, diresili lilibe thumba."

"Ndi a kuti?"

"A ku Machinjiri. Tapeza nyumba ya lendi." Anaseka mwamanyazi. "Timafuna tikuuzeni mwambo ukatha. Ukwati wa kutchalitchi ndi chaka chamawa, koma ankhoswe akatidziwa ndiye kuti zatheka. Katundu wanga apita mawa."

Mawa. Osati mapulaimale akadutsa, osati Ricky akabwerera ku Joni. Makiyiwo anali ozizira m'dzanja langa. Ndinapita pachitseko n'kukhoma.

"Khala pansi, Alinane. Unandipempha chifukwa chimodzi chenicheni."

Ndipo ndinamuuza zimene ndikukuuzani tsopano.

M'chaka cha 2000 achimwene ankaimira ukhansala koyamba. Anali pabanja, Ricky akuyamba kumene kuyenda, ndipo mpingo unali utangowasankha kukhala mkulu. Pa nthawi yomweyo anapereka mimba kwa mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri amene ankagulitsa mpunga mumsika umene iwo anali tcheyamani. Bambo ake a mtsikanayo anamuthamangitsa pakhomo, achimwene n'kukamubisa kwa amayi athu ku Mulanje.

Nanenso ndinali komweko, ndikudikira mimba yanga yachinayi. Zitatu zoyamba zinapita padera, ndipo abale a amuna anga anali atanena poyera kuti iyi ikalephereka mwana wawo akwatira wina. Inalephereka. Mwana anabadwa wakufa pa miyezi isanu ndi iwiri, a Venansio ali pa msewu wa ku Beira, osadziwa kanthu. Patatha masabata asanu ndi limodzi, mtsikana uja anabereka mwana wamkazi wamoyo, wolira mokweza.

Achimwene anabwera Loweruka, anatiyang'ana tonse awiri n'kunena ngati akugawa malo mumsika, "Apa pali mwana wopanda bambo, apa pali mayi wopanda mwana. Vuto lili pati?"

Mtsikanayo anakana. Analira masiku anayi. Analibe kwawo kobwerera, analibe pogwira, ndipo tonse atatu, ine, achimwene ndi amayi athu, tinamuzinga mpaka anatopa. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti azimuona mwanayo kamodzi pachaka. Tsiku lonyamuka anasintha maganizo, anamubereka kumsana n'kukakamira chitseko. Amene anamasula mbereko ija ndine. Sanandikakamize munthu, ndinamasula ndekha.

Nditamaliza, Alinane sanalire. Anangondiyang'ana, milomo ili yasa, mpata wa mano uja ukuoneka.

"Ndiye kuti Ricky ndi..."

"Mlongo wako. Bambo wanu ndi mmodzi."

"Nanga mayiyo ali kuti?"

Yankho analiona yekha pankhope panga.

"Anti a mpunga," ananong'ona. "Ndinkawasiya pa mpando wa panja. Tsiku lina ndili Fomu 2 ndinawakalipira kuti asamandigwiregwire tsitsi." Apo m'pamene mawu ake anasweka. "Munandisiya ndiwakalipire, inu mukuona."

Anavula ndolo n'kuziika pabedi. Anamasula mpango umene ndinamumanga, anatsegula chitseko yekha, n'kutulukira khomo la kukhitchini. Pawindo ndinamuona akudutsa pa chigalimoto cha pa njerwa chija, kulunjika ku kageti ka kuseri. Sanathamange ndipo sanacheuke.

7

Pasanathe mphindi zisanu achimwene analowa, thukuta lili kamukamu, atavala suti ya kampeni.

"Mukuchedwa chiyani? Anthu akudikira. Mwana ali kuti?"

"Ndamuuza. Wapita."

Ndinayembekeza kuti andimenya khofi. Koma iwo anangoima, maso akuyendayenda, ndipo ndinadziwa kuti mutu wa ndale wayamba kugwira ntchito.

"Chabwino," anatero. "Mwina zatithandiza. Tinena kuti wathawa ndi mwamuna wina, mphunzitsi mnzake wa ku Bangwe. Ine ndilankhula mawu awiri atatu, ndikhululuka pagulu. Anthu amamvera chisoni bambo amene wachititsidwa manyazi pakhomo pake."

"Mumuipitsire mbiri mwana wanu yemwe?"

"Mwana wako, Olive. Makalata onse akutero."

Anatuluka kukakonza nkhope. Nthawi yomweyo atsikana awiri aja anafika ndi zitenje zitatu, amayi a nyimbo ali pambuyo pawo akuimba kuti atuluke. Anafunsa za Alinane, ine ndinati afunde iwo kaye. Atafunda, ndinatenga chitenje chachitatu n'kudzifunditsa ndekha.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinakhala m'chinsinsi, koma sindinadziwe maonekedwe ake mpaka nditalowa m'chitenje chimenecho. Munali mdima, fungo la nsalu yatsopano, mpweya wochepa. Ndinkangoona zala za kumapazi kwanga, wina akundikoka dzanja kunditsogolera kumene sindikuona, kunja anthu akuimba ndi kuseka.

Anatiimika pakati pa bwalo. Ricky anavundukula woyamba, sanali iye, anthu anaseka n'kuyamba kufupa. Anavundukula wachiwiri, chimodzimodzi. Kenako ndinaona nsapato zake zitaima patsogolo panga.

"Uyu yekha ndiye sindingaphonye," anatero monyada, n'kukoka chitenje.

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Paja nthawi zina amabisamo mayi wachikulire dala pofuna kuseketsa anthu. Woyendetsa mwambo anathamangira kwa ine.

"A Ricky, mkazi wanu wakalamba liti? Mayi, tauzeni anthu, mwamubisa kuti mkwatibwi?"

Anandiika maikolofoni pakamwa. Ndinaona achimwene akudzuka pampando, akukonza batani la jekete kuti ayambe mawu awo aja. Ndinaigwira maikolofoniyo ndi manja awiri.

"Mkwatibwi kulibe, ndipo sanathawe ndi mwamuna aliyense. Aliyense amene anene zimenezo ndi wabodza. Ricky mwana wanga, undikhululukire. Alinane si msuweni wako, ndi mlongo wako. Bambo ake ndi awo aimirirawo. Mayi ake anali Zubeda wa ku Manje, amene anapita ndi madzi. Ine sindinaberekepo mwana wamoyo. Ndinachita kumulanda."

Achimwene anayesa kuseka.

"Pepani anthuni, achemwali angawa BP yawakwera. Tayikani nyimbo apo!"

Nyimbo sinalire. Alamu anadzuka pang'onopang'ono, anapita kukaima patsogolo pa amuna awo n'kuwayang'ana pakamwa ngati akuwaona koyamba.

"Mpata wa mano uja," anatero. "Ndipo ine ndinkamutuma Ricky kuti akalandire chikwama cha mkazi wake."

Ricky anali chiimire ndi chitenje chija m'manja, atavala malaya amene ndinamusokera. Anachipinda bwinobwino, sindikudziwa chifukwa chake, n'kuchiika pampando, kenako anatuluka pageti. Madeligeti, poti chakudya chinali chitaphikidwa kale, anadya kaye asanabalalike.

8

Achimwene anagwa pa mapulaimale. Iwo amati anawabera, ndipo amauza aliyense wofuna kumva kuti mlongo wawo mutu unasokonekera. Kumaliro amapitabe, amafikabe bokosi lisanafike, koma tikakumana amandidutsa ngati mtengo wa magetsi. Alamu anabwerera kwawo ku Chilomoni. Ricky anakwera basi ya ku Joni sabata yomweyo, ndipo sanaimbirepo foni munthu aliyense wa kuno.

Alinane anakhala miyezi inayi osandilankhula. Ndinkangomva kwa anthu kuti akukhala ndi mnzake ku Bangwe, kuti wawonda, kuti kusukulu akupitabe. Kenako Loweruka lina m'mawa mthunzi unagwa pa makina anga. Nditadzutsa mutu, anali iye.

"Mwadzuka bwanji, azakhali?"

Sananene mwachipongwe ayi. Ananena mwaulemu, atapinda maondo pang'ono, monga mmene mwana woleredwa bwino amalonjerera mlongo wa bambo ake. Ndinamulera ndine, ndiye ulemuwo ndinauzindikira. Ndikanakonda akananditukwana.

Anandipempha kuti ndimuperekeze ku Manje. Tinakwera phiri mpaka pamene panali nyumba ya Zubeda. Palibe chilipo, ndi miyala ikuluikulu ndi udzu umene wamera pakati pake. Ndinamulozera malowo.

"Anandipatsa dzina?" anafunsa.

"Anakupatsa. Ankakutcha Shamsa."

Analitchula kawiri chapansipansi, ngati akulawa. Potsika, pamalo ena poterera, anandigwira mkono kuti ndisagwe. Titafika pabwino anausiya.

Pali funso limodzi lokhudza miyezi isanu ndi itatu ija limene sindinamufunse, ndipo sindidzamufunsa mpaka ndidzalowe m'manda. Mtolo umenewo ndi wanga, poti nthawi yoti ndilankhule inalipo tsiku lililonse, kuyambira pamene alamu ananena koyamba kuti "mkazi wako uyo" ine n'kuseka nawo.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi mwana m'nyumba amene amatchula bambo ake kuti amalume, kapena mayi ake kuti achemwali. Munachita zimenezo pofuna kuteteza mpando wa wina, kapena udindo wa kumpingo, kapena banja lanu lomwe, ndipo mumati mudzanena nthawi yabwino ikadzafika. Ine ndinaidikira nthawi yabwinoyo zaka makumi awiri ndi zisanu, sinabwere. Mpando wa ndale uli ndi tsiku lake lothera, achimwene anga ndi mboni, koma ubale wabodza ana amaukhulupirira ndi mtima wonse n'kumangapo moyo wawo. Musamuloze chala wandale yekha. Iye anabweretsa bodzalo, koma amene analiyamwitsa ndi kulilera ndine.

Kumsika anthu akunditchulabe kuti make Alinane, poti pakamwa sipazolowera msanga, ndipo ndimavomera. Mwiniwake amabwera kamodzi pamwezi. Amaodira pakhomo kuti, "Odi, azakhali," koma m'nyumba salowa, amakhala pa mpando wa panja. Ine ndimamuphikira mpunga wa nyama, ndimakhala potero manja ali pamiyendo, n'kumamuyang'ana akudya. Ndimafunsa kuti, "Sukulu ikuyenda?" Basi. Dzuwa likapendeka amatsanzika n'kumapita.